Sanawadikire Amayi

Kuseri kwa mzikiti wa kwathu ku Kawale kunkakhala jeneza, chithatha chachitsulo chonyamulira maliro, penti wake wobiriwira atayamba kusupuka. Ife ana a Sande sukulu tinkadutsa pamenepo mothamanga. Anatiopseza ndi amalume, omwe ankagona pabalaza pathu podikira ntchito imene sinabwere. Ankati Asilamu amafinya maliro, n'chifukwa chake amaika msangamsanga, popanda bokosi, kuti anthu asaone. Munthu wake anali asanalowepo m'nyumba ya Msilamu ngakhale kukapala moto, koma pakamwa ndiye panalibe wowaposa.

Dzinja lina mayi a khomo loyandikana nafe anadwala. Anali Msilamu wochokera ku Mangochi, ndipo iwo ndi amayi ankaitanana kuti achemwali. Matenda ake anali aja anthu ankangonong'onezana zaka zimenezo. Amayi, mayi wa Mvano weniweni, ndiwo ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwachapira. Ine ndinkatunga madzi. Ndimakumbukirabe fungo la nsalu zosauma bwino, ndi odwalawo akufunsa ngati kumzikiti aitana kale, kenako n'kupemphera chigonere, milomo yokha ikugwedera. "Mulungu ndi mmodzi, achemwali," ankatero akamaliza. Amayi ankayankha kuti ndi mmodzi ndithu, uku akufinya kansalu.

M'mawa wina odwalawo anati akulakalaka maungu. Amayi anakwera minibasi kupita kwa abale athu ku Mitundu. Pochoka anandiuza kuti, "Zikavuta, uwauze andidikire."

Zinavutadi dzuwa lisanafike pamutu. Kunalibe foni, kunalibe woti n'kumutuma. Azimayi a kumzikiti anafika atafunda kumutu, n'kutseka chitseko kuti asambitse malemu. Ine ndinakabisala pansi pa windo, kudikira kumva zija ankanena amalume. Ndinamva madzi akuthiridwa pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda, ndi mawu otsitsa a pemphero. Panatuluka fungo la lubani. Zinali zokhazo basi.

Ndinapita kwa amuna awo a malemu, ndinagwada, ndinati amayi anena kuti muwadikire. Anadzipukuta kumaso ndi mpango, n'kundigwira paphewa. "Mwanangu, amene waitanidwa ndi Mwini wake sitimuchedwetsa. Kwa Iye tinachokera, kwa Iye tikubwerera." Ndinabwerezanso, tsopano ndikulira. Ndinapempha shehe, ndinapempha ngakhale amalume, omwe anangoti, "Si ndinkanena?" Ndani angamvere mwana?

Masana anatulutsa thupi litakulungidwa m'nsalu yoyera. Azibambo anaima m'mizere, anapemphera chiimire, osagwada, osaimba. Kenako ananyamuka, akulandizana mapewa, liwiro lake loti ine ndinatsalira pa ngalande yoyamba. Lero ndikudziwa kuti wolemera ndi wosauka amapita m'nsalu yofanana, pa jeneza imodzimodziyo, poti pamaso pa Mulungu palibe bwana. Tsiku limenelo ndinkangoona anthu akuthawitsa mnzawo wa amayi.

Amayi anafika madzulo atanyowa ndi mvula, thumba lili pamutu. Ataona amayi ambiri pakhonde, analiponya pansi, maungu n'kugubuduzika m'matope. Analira mokweza, monga timalirira kwathu, koma mayi wina wachikulire anawakumbatira n'kuwauza kuti alire motsitsa. Ndinawamvera chisoni kwambiri. Panalibe nkhope yoti aione, panalibe nyimbo yoti ayambitse, panalibe usiku wochezera. Munthu amene manja ake anazolowera ntchito ya pamaliro anangokhala pamphasa, manja ali pamiyendo.

Mawa lake amalume anayambanso, ati kuthamanga konse kuja ankabisa chiyani. Amayi sanakweze mawu. "Thupi limenelo ndalisambitsa ine dzinja lonse. Anthu aja analitenga ngati la munthu, pamene ena ankaopa ngakhale kapu yake. Mukhale chete."

Ine ndinadabwa. Ndinkayembekeza kuti amayi akwiyira anthu aja, kapena akwiyira ine amene ndinalephera kuwaimitsa. Ndinakhala masabata ambiri ndikukhulupirira kuti ndikanalira mokweza pang'ono, akanadikira. Sindinkadziwa kuti panalibe kulira kumene kukanawaimitsa, poti kwa iwo kufulumira kuja ndiwo unali ulemu womaliza, ndipo amayi, ngakhale zinkawawawa, anali atamvetsa kale.