Tekiniko Wapereka Ogula Anga kwa Mayi Ake

Tomato wanga wakhala akuwola mu alimazeni, nyumba yanga yosungiramo katundu, ku Chingodzi, ndipo womuwoletsa ndinachita kumulipira ndekha. Ndakwiya, abale.

Ine ndimaoda tomato kwathu ku Tsangano n'kumaperekera kantina ina ya ogwira ntchito ku Moatize. Shefi wa kantinayo, a Momade, ankadandaula kuti akaimba telefoni ya mu alimazeni sapeza munthu. Zoona, ine ndimakhalira pamsewu. Ndiye ndinapita ku kampani ina yoika matelefoni, iwo n'kunditumizira tekiniko dzina lake Zeka. Anakhoma kabokosi pakhoma. Akuti aliyense akaimba ku alimazeni, kabokosiko kazitumiza kokha ku foni ya m'thumba mwanga.

Atadinadina pa kompyuta anati ayese kaye. Ndinangomva akuseka: "Mama, ndine, ndikungoyesa." Ndinamufunsa chifukwa chake sakuyesera pa nambala yanga. Akuti iye amayesera pa ya mayi ake nthawi zonse, poti mu Tete monse muno ndi okhawo amene amayankha foni ikangolira kamodzi. Analongedza zida zake, ulendo.

Sabata yathunthu foni yanga ziii. Lole yatsitsa tomato, dzuwa la Tete mukulidziwa. Ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, kukafunsa a Momade chimene ndinawalakwira kuti asiye kuoda.

"Tasiya liti, Dona Filomena? Tikaimba akuyankha amayi anu aja. Aulemu bwanji! Amangoti ndabva mwanangu, m'mawa katundu wafika."

Amayi anga ali ku Tsangano, foni alibe.

Zeka sanachotse nambala yoyesera ija. Mayi akewo amagulitsa tomato pakamsika ku Nhartanda. Munthu waimba kuti akufuna makeleti, iwo akanakana? Anazungulira anzawo, kusonkhetsa tomato, kupeza galimoto, basi. Sanafunse n'komwe kuti mwayiwu wagwa kuchokera kuti.

Ndinathamangira ku ofesi ya kampani ija. Mtsikana wa pa desiki, maso ali pa zikhadabo zake, akuti madandaulo salandira pamaso. Ndikaimbe pa telefoni yovutayo, mawu akalankhula ndidine 2. Ndinabwerera ku Chingodzi. Ndinadina 2. Mawu aja n'kuyambiranso moni. Ndinadinanso mpaka chala kuwawa, iwo moni yekhayekha, ngati tikudziwana.

Kubwereranso ku ofesi. Akuti aa, ndiye kuti kabokosi sikakutumiza manambala amene mukudina, limenelo ndi vuto lalikulu, muyenera kulinena msanga. Ndilinene kuti? Akuti pa telefoni, mudine 2.

Ndinakhala pansi kaye kuopa kuchita zoti mawa n'kundimanga.

Ndinapempha kuti anditumizire tekiniko wina. Akuti sizitheka, senya, nambala yachinsinsi yotsekulira kabokosiko, ili m'mutu mwa Zeka yekha. Zekayo ali kuti? Akuti ali ku migodi, pasiyensiya Dona, ndiko kuti ndidekhe mtima. Pasiyensiya ameneyo tomato amamudziwa? Nditakweza mawu mpaka mlonda kusuzumira, anandipatsa nambala ya m'manja ya Zeka. Ndinaimba pomwepo, mtsikanayo akumva.

"Ndabva, mwanangu. Makeleti mangasi?"

Ngakhale foni yake yomwe anaitumiza kwa mayi ake!

Ndinawafotokozera zonse, misozi ili pafupi. Anandimvera bwinobwino, kundipepesa, n'kunena kuti Zeka ndi wotero kuyambira ali mwana, amaiwala ndi nsapato kusukulu. Kenaka anafunsa kuti alimazeni yangayo ili pati. Ine ndi kupusa kwanga ndinaganiza kuti akubwera naye atamugwira khutu.

Lero m'mawa afikadi, okha, ndi galimoto yopanda kanthu. Akuti ku Nhartanda tomato watha, ndipo a Momade akufuna katundu masana ano. Anayenda m'makeleti anga, kufinya apa, kununkhiza apo, n'kupukusa mutu kuti wafewa, sangagule pa mtengo wonse.

Inu a kampani, ndiyankheni pano pagulu, poti 2 wanuyo sadinika: Zeka abwera liti kudzachotsa mayi ake m'kabokosi kanga? Ndipo inu anzanga, tekiniko akati ayese, muimireni pamsana mpaka ilire foni yanu.

Tomatoyo ndawagulitsa mayiwo, pa theka la mtengo. Ndawathandizanso kukweza.