Tsiku Limene Foni ya Achimwene Inati Nyanja Yabata

Ndinabwerera kwathu ku Msumba nditamaliza maphunziro a makompyuta, ntchito osaipeza, manja akundiyabwa. Achimwene, amene anandilera bambo atamwalira, ali ndi boti la injini lonyamula anthu ndi katundu kupita ku Metangula. Ndinafuna kuwapangira kanthu. Ndinamangirira kachipangizo koyeza mphepo pamtengo wautali kumiyala ya kugombe, n'kulemba pulogalamu ya pafoni: kukaoneka kufiira, usapite, kukaoneka kubiriwira, nyanja yabata. Achimwene anayenda nayo foniyo gombe lonse mpaka pakhomo pa tchalitchi, kuonetsa ngakhale amene sanafunse. Ine ndinasiya kukhala mlongo wawo, ndinasanduka "a enjenyeira", ndiye kuti injiniya.

M'mawa wina, nyengo ya mwera, ndinadzuka malata akulira ndi mphepo. Foni yanga inali yofiira. Ndinawafunsa alamu, akazi awo a achimwene, ngati achimwenewo apuma lero, ndipo anandiyankha akusesa kuti anyamuka kale ndi anthu, poti foni yawo inati kuli bata. Ndinawafunsanso, mwina sanaone bwino. Anati anaona ndi maso awo, kubiriwira ngati mpiru.

Chipangizo chimodzi, mphepo imodzi, mafoni awiri akunena zosiyana. Ndinathamangira kugombe. Mafunde anali atayera mitu, boti osaoneka. Ndinaimba foni, sinalowe. Ndinabwerera kunyumba, n'kutsegula kompyuta, n'kuitseka, n'kubwereranso kugombe. Amayi ena amene mwana wawo anakwera botilo anandipatsa moni mwaulemu wonse, ndipo moniwo unandilasa kuposa kutukwana. Sindinathe kukhala pansi. Ndinkaopa kuti ndapha achimwene anga pamodzi ndi anthu a eni.

Poti kuima pamchenga sikukanabweza boti, ndinakakhala pakhonde kunyumba n'kuyamba kusaka cholakwika. Pulogalamuyo inali ndi antchito awiri ogwira ntchito nthawi imodzi, amene timawatcha mathiredi. Woyamba amalandira muyezo wa mphepo, n'kuulonga m'kaphukusi, n'kuika kaphukusiko pamalo ogawana. Wachiwiri amakatenga pamenepo n'kusankha mtundu woti aonetse. Ndinawerenga mzere uliwonse, zonse zili m'malo mwake: longa kaye, kenako pereka. Pakompyuta panga ndinaiyesa mpaka kutopa, osalakwa ngakhale kamodzi. Ndinagwira njakata, ndipo ndinapsa mtima ndi makinawo ngati akundimva.

Kenako ndinalanda foni ya alamu, yofanana ndi ya achimwene, n'kuiyesa mobwerezabwereza, kutsegula ndi kutseka, chala mpaka kuwawa. Kufiira, kufiira, kufiira. Ndiye mwadzidzidzi kubiriwira, uku mphepo ikugwetsa zovala pachingwe.

Apo m'pamene ndinakumbukira zimene tinaphunzira n'kuzilembera mayeso, osazikhulupirira. Makina salonjeza kuchita zinthu mu ndondomeko imene unazilembera. Pofuna kufulumira amatha kusintha choyamba kukhala chachiwiri, bola wantchito mmodziyo asaone kusiyana. Za mnzake amene akusuzumira pambali alibe nazo ntchito, pokhapokha utawauza. Choncho wachiwiri uja nthawi zina ankapeza kaphukusi kataikidwa kale koma kasanalongedwe, ngati munthu woitanidwa kukadya mbale zili zopanda kanthu. M'kati ankapezamo ziro. Ndipo ziro, m'pulogalamu yanga, ndiye kuti kulibe mphepo.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi: kuika loko kuti wina asagwire mnzake asanamalize, ndi kulamula kuti ziro wotere aziti sindikudziwa. Ndinamaliza madzi a tiyi asanawire, koma boti linali lisanabwerebe. Ndinayenda gombe lonse kawiri kapena katatu, dzuwa likundiotcha, ndikufunsa aliyense wochokera kumwera.

Achimwene anafika masana ndithu, wapansi, zovala zitauma ndi mchenga. Boti analikokera pakagombe kena madzi atayamba kulowa, ndipo anthu onse anatsika amoyo, ngakhale matumba a ufa wa chinangwa ananyowa. Ndinayamba kuwafotokozera za antchito awiri aja, mawu akuthamangitsana, koma anandidula n'kupempha madzi akumwa.

Atamwa, ndinawafunsa chimene chinkandidya mtima. "Achimwene, inu munabadwira panyanja pano. Mwera uja simunauone?"

Anati anauona asanatsitse n'komwe boti m'madzi. Koma anthu anali ataunjikana, ndipo mkulu wina anawauza kuti afunse kaye kwa a enjenyeira. Anatulutsa foni pamaso pa onsewo, n'kuonetsa kubiriwira.

"Ndiye ndikanati chiyani, chemwali?" anatero, akupukuta pakamwa. "Ndikanawauza kuti chinthu cha mlongo wanga chikunama?"