Wigi Wofiira wa Keziya Woimba Pamaliro

Ku Mwenilondo kunamveka kuti Keziya Mwalughali wasiya Mulungu. Ena anati wayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu ochokera ku Kyela, ku Tanzania. Ena anati akuvina m'mabala atavala wigi wofiira ngati tomato. Mayi wina pachigayo analumbira kuti wamuona ndi maso ake, ngakhale titamufunsitsa anavomera kuti wamuona pafoni ya mlamu wake. Ine ndimakonza njinga m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo mphekesera zonse za kuno zimaima panga kudzapopetsa mpweya. Ndiloleni ndiwongole iyi monga ndimawongolera sipoko. Wigi analipodi. Zinazo n'zabodza.

Keziya ndi mayi wamasiye wa zaka makumi asanu ndi chimodzi. Amagulitsa mpunga wa kilombero, ndipo amaunyamula yekha panjinga yakuda imene ndaimata kambiri moti chubu chake chatsala zigamba zokhazokha. Koma boma lonse la Karonga limamudziwa ndi ntchito ina: kutsogolera nyimbo pamaliro. Anayamba mu 1997, pamaliro a mwamuna wake, ndipo anthu sanamulolenso kukhala chete. Akakweza mawu, ngakhale bambo wouma mtima amene wangobwerera nyama ya ng'ombe yapamaliro amayamba kufufuza mpango m'thumba.

Mu 2011 anajambula chimbale cha nyimbo zotonthoza. Pachikuto anamuika atavala duku loyera, manja pachifuwa, maso kumwamba, kumbuyo kwake mitambo ndi nkhata za maluwa. Chithunzicho chinayenda kuposa nyimbo zake. Okhoma mabokosi anachipachika pakhoma, nambala ya foni pansi pake, kuti ofedwa agule bokosi n'kupezeratu woimba. Patapita zaka, nkhope yapachikutoyo inalowa m'malo mwa nkhope yake yeniyeni. Akamadutsa panjinga ndi thumba la mpunga, ana ankathamangira kwa amayi awo: “Amama, adutsa aja! Kwachitika kwa ndani?” Ineyo nditadwala malungo anabwera kudzandizonda ndi nthochi m'manja. Nditangomva mawu ake pakhomo ndinadzuka n'kuyamba kusesa pabwalo, kuti aone kuti sindinafike pomufuna.

Keziya sankazilabadira, mpaka chaka chatha pamene mwana wake mmodzi yekhayo, Tusekile, anapeza banja. Mnyamatayo ndi Gordon wa ku Chilumba. Ng'ombe zinabwera, tsiku linaikidwa. Keziya anali ndi nyimbo imene anaipeka Tusekile akadali kumsana, n'kuisunga zaka zonsezi kuti adzaiimbe paukwati wake. Palibe amene anaimvapo.

Ndiye kunabwera Eliness, mayi a Gordon, mayi waulemu wake, ndi nkhuku m'manja.

“Asewere, musatimve molakwika,” anatero. “Mudzakhale pampando wapamwamba, mudzadye, mudzavine mpaka miyendo itupe. Koma maiki ayi.”

“Chifukwa?”

“Alendo athu akangomva mawu anu, ayamba kucheuka kufuna pamene pali bokosi.”

Keziya anayang'ana mwana wake. Tusekile anayang'ana pansi, n'kumakanda mphasa ndi chala. Keziya anandiuza pambuyo pake kuti mawu a asewere sanamupweteke kwenikweni. Chinamupweteka ndi chala chija.

Kunatsala miyezi itatu. Keziya anapita kwa Morton, wojambula mavidiyo pamsika. Morton ankayendetsa chigalimoto cha miyala ku Kayelekera, ndipo mgodi utaima anagula kamera m'malo mogula ng'ombe, zimene abale ake sanamukhululukirebe. Iyeyu ndi amene amasandutsa anyamata osenza matumba padepoti kukhala akatswiri ovala matcheni m'khosi.

“Mama, anthu samva ndi makutu, amamva ndi maso,” anatero Morton. “Oimba onse akuluakulu akafuna kubadwanso amasintha tsitsi, zovala ndi chithunzi. Mawu amakhala omwewo. Inuyo duku lija ndi limene likukuphani.”

Anamuonetsa mavidiyo a ku Tanzania pakompyuta. Mayi aliyense m'menemo anali ndi wigi, magalasi akuda, diresi lonyezimira ndi galimoto yotsamirapo. Wigi anabwereka kusaluni, magalasi anali a Morton yemwe, diresi linasokedwa masiku awiri. Inatsala galimoto. Tsono kuno galimoto yoyera bwino, yotsukidwa tsiku ndi tsiku, yopanda fungo la usipa, ilipo imodzi: pikapu ya Allan. Ndipo Allan amaitsuka choncho chifukwa ndi imene imanyamula mabokosi kuchokera kuchipatala.

Mudzafunsa kuti anthu awiri akuluakulu analephera bwanji kuona zimenezi. Morton ankaganiza kuti mabaluni abisa zonse. Keziya naye anali ataikwera kambirimbiri moti kwa iye inali galimoto yopitira kuntchito basi. Anakwera kumbuyo monga mwa masiku onse, n'kuima pamalo penipeni pamene pamagona bokosi, n'kuvina. Nyimbo inali ina yachisangalalo imene anaipeka mofulumira, osati ya Tusekile ija.

Vidiyoyo inalowa m'mafoni Lachisanu. Pofika Lamlungu panalibe amene anali atamva mawu a nyimboyo. Aliyense anaona chitseko chakumbuyo cha pikapu, chophwanyika pakona, cholembedwa kuti Tonse Ndife Alendo. Theka la anthu linkafunsa kuti wamwalira ndani woti mpaka mabaluni. Theka linalo linati Keziya wapenga, akuvina pamalo a akufa. Za mabala ndi mafuta a ku Kyela zinangomera m'njira, monga zimachitira nkhani zikakwera minibasi. Ku Chilumba kunachokera uthenga waufupi: za maiki zija zatsekedwa ndithu.

Lolemba Keziya anabwera panga akukankha njinga, tayala lakumbuyo litaphwa.

“Mwaghona, katswiri,” ndinamupatsa moni wakuno. “Lero mwasiya kuti tsitsi?”

Sanaseke. Anakhala pabenchi n'kumandiyang'ana ndikumiza chubu m'beseni.

“Alamu,” anatero, monga timaitanirana mocheza, “m'vidiyo muja ndaonamo mayi wina wake. Pachimbale chakale paja palinso mayi wina. Onse awiri sindikuwadziwa.”

“Nanga inuyo ndinu uti?”

“Ndine uyu waphulitsa tayala ndi thumba la mpunga.”

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma ndinaona kuti mayiyu wanena chinthu chimene tonse tinachiphonya. Zaka zonsezi tinkamuona masiku athu oipa okhaokha, ife tikulira, iye ataimirira kutsogolo. Ndani anapitako kwawo Lachiwiri wamba kukaona kuti amatani kukakhala kulibe maliro?

Keziya anabwerera kwa Morton, koma ulendo uno wolamula anali iye. Wigi anabwezedwa kusaluni. Anati amujambule kunyumba kwake, atavala chitenje chake chachikasu chogwirira ntchito: akupeta mpunga, akusenda nthochi zophikira mbalagha, chakudya chathu cha nthochi ndi nyama, akukwera njinga yake yazigamba. Pakatipakati aikemo zithunzi zakale za Tusekile, china ali wakhanda m'beseni, china atavala yunifomu yomukulira. Ndipo nyimbo ikhale ija anaisunga.

“Mama, apa palibe katswiri,” anadandaula Morton. “Apa pali mayi wogulitsa mpunga.”

“Jambula ameneyo.”

Ali mkati mojambula, mbuzi ya aneba inalowetsa mutu m'chikwama cha Morton n'kutulutsa magalasi akuda aja. Morton anaithamangitsa kuzungulira nkhokwe, kamera ataisiya ikuyenda. Keziya anaseka mpaka lichero linagwa. Pamenepo m'pamene tinadziwa kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Anthu amene tamudziwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri sitinkadziwa, poti pamaliro munthu saseka. Morton, amene ntchito yake amaidziwa ngakhale amakonda zonyezimira, anadula pomwepo n'kupanga chithunzi chapachikuto.

Vidiyo iyi Keziya anakana kuti ipite kwa obena nyimbo pamsika. Anaiika m'foni ya Tusekile yekha. Mtsikanayo anaionera kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Chilumba popanda womutuma. Akuti Eliness anaionera katatu, kenako anafunsa kuti, “Kodi asewere ali ndi mano abwino chonchi?” Anavomera nyimbo imodzi, koma ndi lamulo: asayang'ane kumwamba, ndipo manja asafike pachifuwa.

Ukwati ndinapitako, jekete yobwereka. Keziya anaimirira ndi chitenje chachikasu chatsopano, anagwira maiki ndi manja onse awiri kuti asaiwale lamulo, n'kuyang'ana mwana wake m'maso kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu analira ndithu, sindinganame. Eliness ndiye ananyowetsa mpango wonse. Koma palibe amene anacheuka kufuna bokosi.

Lachinayi lotsatira kunagwa maliro kufupi ndi kwathu, ndipo Keziya anali kutsogolo, duku loyera kumutu, m'pikapu ya Allan yomwe ija. Chithunzi chakale chikadali pakhoma kwa okhoma mabokosi. Chatsopanocho chili m'chipinda chochezera kwa Tusekile ku Chilumba, ndipo ana a kuno ena ayamba kumufunsa mtengo wa mpunga m'malo mothawa. Koma vidiyo ya wigi ija ikuyendabe m'mafoni, poti zoterezi sizifa, ndipo alipo amene akulimbikirabe kuti mayiyu anasiya Mulungu.

Sabata yatha atabwera kudzamatitsa chubu, ndinamuuza. Ndinati, “Alamu, pachigayo akuti munagulitsa moyo wanu chifukwa cha wigi. Ndikawayankhe chiyani?”

Anamanga thumba lake pakaliyala, n'kukoka chingwe kawiri.

“Mukawauze kuti ndaimbira akufa awo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, palibe anadandaula. Ndaimbira mwana wanga mmodzi ali moyo. Amene zamuwawa, tsiku lake likadzafika adzaitane wina.”