Ntchito Yopepuka ya a Teleza

A Teleza anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana, ndipo pofika chaka chathachi anali atatha zaka makumi awiri dengu lili kumsana. Kwawo n'ku Mphuka, koma abale awo enieni anali gulu lawo la pa esiteti, amayi khumi ndi awiri a pakamwa posatseka. Miseche, nyimbo za kwaya, kumujeda kapitawo m'Chilomwe iye ali chiimire pomwepo, zonsezo patsogolo pankakhala a Teleza.

Kenaka mwana wawo mmodzi yekhayo, Limbikani, anafera ku Joni. Mtembo sunabwere. Anthu anakhala pasiwa masiku awiri akulira chithunzi cha pafoni, n'kubalalika.

Atabwerera kumunda, a Teleza sanalinso omwe aja. Manja ankangoima pamwamba pa tiyi, maso ali kuphiri. Anzawo sanafunse zambiri. A Queen, a mzere woyandikana nawo, ankaponya masamba awo m'dengu la a Teleza kuti kusikelo asakachite manyazi, ena n'kumawaputa dala mpaka apse mtima. Tsiku limene a Teleza anatukwana munthu, gulu lonse linalulutira. Kunena zoona, phokoso limenelo ndi limene linkawagwira mayiwa kuti mutu usasokonekere.

Nthawi imeneyo kampani inali italemba mlangizi wa zamaganizo, a Daisy, poti masiku ano mabwana azindikira kuti wantchito ali ndi mtima, si manja okha ayi. Zabwino ndithu, sindikutsutsa. A Teleza anapitako, n'kukaulula kuti tulo sakutiona, maganizo achuluka. A Daisy analemba kalata yopempha kuti mayiwa awapeputsire ntchito. A manijala, a Keith, munthu wachisoni ndithu, anasaina tsiku lomwelo: achoke kumunda, azikathira dothi m'machubu ku nazale ya mbande. Kumeneko kuli mthunzi, kulibe sikelo, kulibe wowasokosa.

Kapitawo uja, a Crispin, anayesa kulankhulapo.

"Bwana, mayi aja asiyeni ndi anzawo."

"Anzawo omwe amawaputa aja?" anatero a Keith. "Munthu wovulala mumtima amafuna mtendere."

Eniake nkhani palibe anawafunsa. Nawonso a Teleza, chifundo cha bwana angachikane bwanji? Anagwada, n'kuwomba m'manja kuthokoza.

Nazaleyo ili kuseri kwa mabulugamu, kutsidya kwa damu, kumene ngakhale kulira kwa thirakitala sikufika. A Teleza ankalowa m'mawa, n'kutuluka madzulo osalankhula ndi munthu. Inatha miyezi itatu. Ku ofesi dzina lawo linkatchulidwa pamisonkhano ngati umboni woti kampani imasamala anthu ake. Apa m'pamene pamandiwawa ine, chifukwa panalibe ndi mmodzi yemwe wofuna kuwachita chipongwe.

Lamulungu lina a Queen anaona kuti mnzawo sanabwerenso kukwaya, ndiye potuluka m'tchalitchi anadzera kunyumba kwawo. Anawapeza pakhonde, ataonda, kumutu osapesa, moto osakoleza chiyambire dzulo. Misozi inalengeza m'maso mwa a Queen.

"Achemwali, mawa tonse tikagwada kwa bwana kuti mubwerere. Gulu lazizira popanda inu."

A Teleza anapukusa mutu pang'onopang'ono, akumwetulira.

"Ayi, ndisiyeni komweko. Kumunda inu mumasokosa. Kuja kuli zii, Limbikani akamandiitana ndimamumva bwinobwino."