Kadontho ka aSimbi

Njinga yopindika limu imene ndinapachika pakhoma la shopu yangayi siyogulitsa, musavutike kufunsa. Ndi ya aSimbi. Ndinaipachika dala kuti abale awo akamadutsa mumsewu uno aziiona, mtima uziwaluma. Ine ndine wokonza njinga, si m'busa, ndipo kukhululuka msanga si luso langa.

ASimbi amagwira ntchito tsidya la msewu, kochapitsa zovala. Dzinali tinawapatsa ife a mumsewu uno chifukwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka simbi sichoka m'manja mwawo. Kachipinda kawo n'kopapatiza, zenera lake limayang'ana khoma la anthu ena, masuti a eni ake ali lendelende pamwamba, nthunzi ili tolotolo. Ukangolowamo pang'ono umatuluka thukuta lili kamukamu. Iwo amaima mmenemo tsiku lonse osadandaula, ndipo kolala imene yadutsa m'manja mwawo umaidziwa ngakhale uli patali.

Amuna awo atamwalira, tsiku limene linkawavuta linali Lamulungu. Masiku enawa ntchito inkawabisa, koma Lamulungu nyumba inkangoti zii, mpando wa malemu uli pomwepo. Tsiku lina anabwera akukankha njinga ya malemuyo, matayala ataphwa, tcheni chitachita dzimbiri.

"Amakaniko, tandikonzerani iyi. Ndikufuna ndizichokako pakhomo."

Ndinaikonza, ndinatsitsa chishalo. Anayamba ndi kuzungulira m'makwalala muno, kenako n'kumatuluka m'tauni. Posakhalitsa ankanyamuka m'mawa n'kumabwera dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu, maso akuwala. Tinaikako magiya ndi poika botolo la madzi. Ankafika kumene ine pa basi ndimatsika msana ukuwawa.

Za foni anabwera nazo ndi achimwene awo, bambo wa taye, wogulitsa mainshulansi, amene amayankhula ngati nthawi zonse ali pamsonkhano. Anati, "Mlongo wanga, ndiwe mzimayi, uli wekha, misewu ndi yoipa. Ukagwa tidzadziwa bwanji?" Anaitchera foniyo kuti iziwonetsa pamapu pamene aSimbi ali. Kankaoneka kadontho kabuluu, iwo akamapalasa iko kakuyenda, iwo akaima iko n'kuima. Aliyense wa m'gulu la banja la pa foni ankatha kukaona: achimwene aja, akazi awo amene aSimbi amati alamu, azakhali awo, ndi asuweni angapo. ASimbi anabwera kudzandionetsa akumwetulira.

"Mwaona amakaniko? Ndili ndi anthu ine."

Ndinasangalala nawo, kupusa kwanga.

Amene anakakonda kwambiri kadonthoko anali alamu aja. Ali ndi shopu ya makatani mkati mwa tauni, ndipo Lamulungu satsegula. Ndiye ankakhala pasofa, miyendo pampando, n'kumatsatira kadontho ngati filimu. "Ee, lero mwafika kumeneko? Kuli ndani kodi?" Ankalemba ngati nthabwala, koma nthabwala zake zinali ndi minga. ASimbi ankangoseka, amvekere bola akuyang'ana.

Tsoka linawapeza potsika chitunda china kunja kwa tauni. Lole inawapanikiza, tayala lakutsogolo linalowa m'dzenje, iwo n'kuulukira m'ngalande yakuya. Fupa la paphewa linathyoka, mwendo unapanikizika ndi njinga, foni inagwera m'udzu pamene dzanja silikanafika. Ngalandeyo imadutsa kuseri kwa mpanda wa nyumba ina yogona alendo, ya mtundu uja anthu amalowa masana n'kutuluka masana omwewo, wina kutsogolo wina pambuyo.

Ali chigonere, anayamba kumva foni ikulira m'udzumo, uthenga pambuyo pa uthenga. Mtima unakhala pansi. Anadziuza kuti aona kuti kadontho kaima, akufunsana njira, achimwene aliza kale galimoto. Foni ikalira iwo ankati afika pafupi. Dzuwa linasuntha, nyerere zinawapeza, ludzu linawagwira pakhosi. Amene anawatola ndi mlonda wa pamalopo, atapita kuseri kukataya madzi.

Nditapita kukawaona kuchipatala sanandipatse moni n'komwe. Anangondipatsa foni ndi dzanja labwinolo.

"Werengani."

Anayamba ndi alamu. Anajambula mapu aja, dzina la nyumba yogona alendo likuoneka bwinobwino, n'kulemba kuti, "Taonani kumene njinga imapumulira." Asuweni anatumiza tinkhope toseka. Azakhali anati, "Manda a mwamuna sanaume n'komwe." Wina atafunsa ngati kuli bwino kuwaimbira, alamu anayankha kuti, "Musawaimbire, muwasokoneza." Achimwene, mwini nzeru ya kadontho, analemba kamodzi kokha: "Ndikambirana naye. Watichititsa manyazi." Palibe amene anaimba, ngakhale mmodzi. Ndinawerenga mpaka kumapeto, ndipo kunena zoona ndinalakalaka sipanala yanga yaikulu.

Choonadi chitadziwika anabwera ndi malalanje, nkhope zili zyoli, koma mawu akuti pepani sanatuluke. Alamu anachita kunena kuti, "Komanso inu mlamu, mukanagwera pena. Pamalo ngati amenewo munthu angaganize chiyani?"

Chimene chinawapweteka aSimbi kuposa phewa chinali dzina lawo. Nkhani inali itatuluka kale m'gulumo, ndipo mumsewu inafika itavala nsapato. Ena ankati anagwa pothawa mkazi wa mwini wake. Atabwerera kuntchito, azimayi obweretsa zovala ankanong'onezana pakhomo. Bambo wina anabweretsa thalauza losafunika kusita n'komwe, n'kufunsa motsitsa mawu kuti Lamulungu amadutsa nthawi yanji. Mayi amene anasunga ukwati wake mpaka kumanda, lero n'kumafunsidwa zimenezo ndi munthu wonunkha mowa.

Ine ndinati, "Asisi, tulukani m'gulumo. Zimitsani chinthu chimenecho."

"Ayi," anatero akupinda malaya. "Kadontho kakhale. Inu ndimangireni njinga ina."

Tsiku limene anabwera kudzaitenga, anakhala pabenchi langa n'kundiuza zimene anasunga nthawi yaitali. Kumalo kumene akumanga nyumba zatsopano, kumapeto kwa tauni, kuli nyumba ya geti lobiriwira. Atangoyamba maulendo awo ankapeza galimoto ya achimwene ili pamenepo Lamulungu, nthawi imene kunyumba amati akaona makasitomala. Tsiku lina anawaona achimwene eni ake ali ndi kabudula, akuthirira maluwa, kamwana kakuwakoka mwendo.

"Ndinatseka pakamwa, ndi mlongo wanga," anatero. "Atandiikira kadonthoka ndinasiya njira imeneyo. Ndinkazungulira phiri lonse, miyendo ikuyaka moto, kuti alamu asayang'anitsitse dera limenelo. Chitunda chimene ndinagwera chija chili panjira yozungulirayo."

Apa ndiye ndinaika sipanala pansi.

Lamulungu lotsatira anapalasa molunjika, n'kukaima pansi pa mtengo moyang'anizana ndi geti lija. Anatsamiritsa njinga, anadya buledi wawo, anamwa madzi, anakhala mpaka mthunzi unasuntha, n'kubwerera. Sanalembe kanthu, sanagogode. M'gulu munali chete, koma onse anaona. Tangoganizani achimwene ali mkatimo, atsegula foni, n'kupeza kadontho ka mlongo wawo kali pageti. Anaimba, anaimbanso, aSimbi osayankha.

Lolemba m'mawa bamboyo anatulukira kochapitsa zovala, taye itapendekeka. Ine ndinawoloka msewu ngati ndikukabwereka madzi.

"Ukufuna chiyani kwenikweni?" anafunsa.

"Lembani m'gulu, achimwene. Nenani kuti munandinamizira. Nenani kuti ndinali m'ngalande ndipo simunabwere."

"Zimenezo zinatha kale. Munthu wamkulu ngati ine ndizikapepesa pamaso pa ana? Zimitsa chinthucho."

"Munayatsa ndinu, kuti ndikaima muzidziwa," anatero aSimbi, simbi ikuyenda pamkono wa malaya. "Ndiye ndikuima."

Mpata anapatsidwa, musadzati sanapatsidwe. Mizere iwiri yokha ikanatha nkhani. Koma bamboyo anaona kuti mlongo wake, wosita zovala za anthu, sangafike nazo patali. Nzeru imene anapeza inali yongolowetsa galimoto mkati mwa mpanda.

ASimbi anapitanso, n'kupitanso. Alamu kunyumba anayamba kutentha. Kugwa kuja kunawachititsa manyazi, ndiye apa anati Mulungu wawapatsa umboni. Anauza amuna awo kuti mlongo wanu uja wayambiranso, bamboyo n'kungoti musiyeni. Iwo anamva ngati akuikira kumbuyo m'bale wake, choncho ulendo wokawagwira aSimbi anaukonza osawauza amuna awowo. Msuweni wina wa pakamwa popepuka anaulula kwa wometa tsitsi, wometa tsitsi kwa ine, ine kwa aSimbi.

Lamulungu limenelo ndinapita nawo, ndikuwefuka pambuyo pawo. Ndinakakhala pakagolosale ka pakona, botolo la zoziziritsa kukhosi m'manja. ASimbi anakhala pansi pa mtengo wawo, chipewa cha njinga pabondo.

Takisi inaima, fumbi lili koboo. Anatsika alamu, atavala ngati akupita ku ukwati, azakhali pambuyo, ndi msuweni atakweza foni kuti ajambule zonse.

"Mwafika alamu," anatero aSimbi osadzuka. "Lero mwafulumira."

"Mwatuluka nthawi yanji? Ali kuti mwamunayo?"

"Ine sindinalowemo. Gogodani, akutsegulirani."

Alamu anamenya getilo ndi chikhatho mpaka agalu a m'dera lonselo anadzuka. Anatsegula mayi wachitsikana, khanda lili paphewa. Kumbuyo kwake kunali galimoto imene alamu amakwera tsiku ndi tsiku. Pakhonde panali amuna awo, ali ndi kabudula ndi masilipasi, akudyetsa mwana wokulirapo ndi supuni. M'mazenera onse munali makatani a kushopu kwawo, amene anasoka ndi manja awo atauzidwa kuti ndi a ofesi ya kasitomala.

Supuni inangoima m'malere. Msuweni anaiwala kutsitsa foni. Alamu anabwerera chafutambuyo n'kukhala pansi pafumbi, diresi lawo labwino lija osalilabadira. Ndinganame nditati ndinawamvera chisoni nthawi imeneyo. Ndinamwa chakumwa changa mpaka kutha.

Patapita kanthawi alamu anayang'ana aSimbi, mawu atachepa.

"Mukanandiuza kunyumba, mlamu. Pa anthu chonchi?"

"Ine munandiuza kunyumba?"

Achimwene anafika pageti, silipasi imodzi itatsala pakhonde.

"Wandiphera banja, mlongo wanga."

ASimbi anadzuka, anavala chipewa, anamanga lamba wake pansi pa chibwano mosafulumira.

"Ine ndinagona m'ngalande, achimwene, nyerere zikundiyenda m'khutu. Foni ikalira ndinkati achimwene anga akubwera. Ndinkakupemphererani kuti musathamange kwambiri, mungachite ngozi."

Azakhali anaphimba kumaso ndi mpango.

Tinanyamuka. ASimbi ankapalasa mwamphamvu moti ndinatsala kutali, ndikuona msana wokha. Nditakhota pamlatho ndinawapeza ataima m'mbali mwa msewu, njinga ili pansi, iwo atakhala pamwala. Foni inali m'manja. Anandionetsa uthenga umene unali utangolowa m'gulu, wochokera kwa azakhali: "Mwanayu tinamulakwira tonse. Anali m'ngalande, ife tikuseka. Amene anafalitsa bodza lija akalibweze kumene analisiya."

Anauwerenga kawiri, kenako anayamba kulira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Kuchipatala kuja sanalire chonchi. Ine ndinasowa poika manja.

"Asisi, si zimene mumafuna? Dzina lanu labwerera."

"Labwerera."

"Nanga mukumva chisoni?"

Anapukuta kumaso ndi kuseri kwa dzanja, fumbi n'kusanduka matope patsaya.

"Ndikanakonda ndikanamva chisoni, amakaniko. Ndi mlongo wanga, tinayamwa bere limodzi. Koma ndikumva kukoma, ndipo masiku atati abwerere m'mbuyo ndingakaimenso pageti lomwe lija."

Ndinakhala nawo pamwalapo mpaka misozi inatha. Kenako ndinawadzutsira njinga, ndinawongola handulo imene inapendeka, n'kuyamba ulendo wobwerera.