Ndinafunditsa ampulifaya yanga chijasi pa ukwati wa mdzukulu

Inu owerenga, ine si munthu wopepesapepesa, kafunseni ku Mphunzi konse. Koma ichi chokha ndivomere: ampulifaya yanga ndinaipha ndekha, masanasana, anthu akuona.

Musaganize kuti ndikunena tizitini timene mukugula pa Dedza iti. Iyi inachokera ku Halale, kumene ndinaphikira mzungu mpaka imvi. Pobwerera kwawo anandisiyira pamodzi ndi masipika ake. Ankati inapangidwa pamanja kutsidya kwa nyanja, mawayilesi a m'thumba asanabwere. Kulemera kwake ngati thumba la feteleza. Kumbuyo kuli zitsulo zakuda zikuluzikulu, kutsogolo mababu agalasi oyaka ngati makala. Ukaiyatsa siyankhula msanga, imayamba yafunda. Koma ikayankhula, umamva ndi chala chomwe cha woimba chikukhudza nsambo. Pamwamba pali chivundikiro cha mabowomabowo. Mzunguyo anandiuza kuti ndi popumira, pasamaikidwe kanthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira akazi anga, aNangondo, chifukwa cha tinsalu tawo toluka timene amayala paliponse.

Tsono mdzukulu wanga Agnesi ankakwatiwa. Akuchimuna anafuna kubwereka zoimbira za ku Kasina. Ndinakana. Zaphokoso zimenezo pakhomo panga ine? Tinapeza jenereta, ampulifaya nkuikhazika patebulo pansi pa mtengo wa mapichesi.

Inalira bwino, ndisaname. Koma anaipangira chipinda, osati bwalo, ndiye ndinangokweza mawu mpaka pothera. Perekaniperekani atayamba, amayi anavina, fumbi linati koboo, ana nkumafuna kugwira mababu ndi zala zamafuta. Mtima unandiwawa. Ndinavula chijasi changa nkuifunditsa.

"Abambo ake Yohane, si paja mumati imapuma?" anatero aNangondo.

"Inu mwadziwira kuti zimenezi? Kaoneni miphika uko!" Ndinayankha mokuwa, akuchimuna onse akumva.

Posakhalitsa kunamveka fungo, ena nkumati ndiwo zapserera. Kenako utsi unatuluka m'manja mwa chijasi, nyimbo nkuti zii. Azakhali a mkwati anatsala ali chiweramire pakati pa bwalo. Agnesi analira. Ukwati unathera kuwomba m'manja ndi ng'oma yobwereka kwa akwaya.

Okonza mawayilesi, kuyambira pa boma mpaka ku Lilongwe, angopukusa mitu. Akuti waya wa m'zitsulo zija wapsa, ndipo mababu otere sanawaonepo. Wina anafuna kuiika pasikelo ngati zitsulo zakutha! Ndinatsala pang'ono kumuwomba mbama.

Inu amene muli ndi chinthu chabwino chakale, chigwiritseni ntchito imene anachipangira. Musatuluke nacho pabwalo kuti anthu akutameni. Ndipo mkazi akakukumbutsani mawu anu omwe, tsekani pakamwa, ngakhale pali alendo.

Lero ili pakona. ANangondo ayalapo kansalu kawo koluka, ndi maluwa apulasitiki pamwamba. Ndimangoyang'ana. Ndiwakalipire kuti chiyani?