A Mapolo pa Mlatho wa Mitengo Iwiri

Anthu ankawatcha a Mapolo chifukwa anagwira ntchito yokwera mapolo a magetsi zaka makumi atatu. Lamulo lawo linali limodzi: usanakwere polo, yamba waigogoda ndi hamala. Ikalira kuti phu phu, yafumbwa mkati, usakwere, ndipo ukauze kapitawo ngakhale kunja ikuoneka yabwino. Wobisa ankamukalipira pamaso pa anzake.

A Mapolo atapuma pantchito, akazi awo anamwalira, iwo n'kutsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, lamba wawo wokwerera akulendewerabe kuseri kwa chitseko. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, ankafuna asamukire kwa iye. Anakana kwamtuwagalu. Kenako anagwirizana kuti azikhala okha bola thupi lili bwino, koma likadzayamba kuvuta adzanene.

Thupilo linali litayamba kale. Kawiri konse chizungulire chinawagwetsa m'bafa, ndipo sanauze munthu. Ankadziwa kuti akangoulula, nyumba yawo aisiya.

Pa tchuthi, mwanayo ndi mwamuna wake anawatenga kukagona m'matenti m'munsi mwa phiri. Tsiku lachiwiri analawirira kukwera, mkamwini atabereka chikwama cha madzi.

"Apongozi, lero tione ngati miyendo ija ikadalipo," anatero mkamwini.

"Akamwini, ine ndinkadyera nkhomaliro pamwamba pa polo inu mukukwawa. Tsogolani."

Poyamba anayenda bwino, mpaka kumuseka mkamwini kuti akupuma ngati mpope wa njinga. Koma dzuwa litakwera, miyala inayamba kuyendayenda m'maso mwawo. Anagwada n'kumachita ngati akumanga zingwe za nsapato kufikira maso atayera. Atachita zimenezi kachitatu, mwana wawo anaima.

"Bambo, zingwe zanu zikumasukatu kwambiri lero."

"Si nsapato unandigulira iwe? Tiye."

Moyo wawo wonse anali asanamunamizepo mwanayu.

Chakumasana anafika pa chigwembe chakuya. Pansi madzi ankawinduka m'miyala, ndipo powolokera panali mitengo iwiri yokha yogonekedwa, yopanda chogwirira. Mkamwini anawoloka n'kukhala pamwala tsidya linalo. Mwana wawo anasuzumira pansi n'kubwerera m'mbuyo.

"Ine ndiye ayi. Bambo, mundigwire dzanja. Ndi inu sindiopa."

A Mapolo anayandikira, n'kugogoda mitengoyo ndi ndodo monga mwa chizolowezi. Yonse inalira kuti gu gu, yolimba. Dzanja la mwana wawo linali kale m'dzanja lawo, lonyowa ndi thukuta. Anaona kuti chizungulire chikawapeza pakati, sagwa okha.

"Mitengoyi ilibe vuto," anatero. "Wofumbwa ndi ine. Tasiya dzanja langa."

"Mukuti chiyani, bambo?"

"Ndikumachita chizungulire. Ndagwa kawiri m'bafa. Nsapatozi n'zabwinobwino, ndimakunamiza."

Mwanayo anawayang'ana.

"Kawiri! Ine namwino, ndimayeza anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, bambo anga akugwa okha m'bafa? Mukanapanda kudzuka, akanandiuza ndani?"

Mkamwini anawolokanso mwakachetechete, n'kupatsa a Mapolo madzi osaponyapo nthabwala.

Pamwamba pa phiri sanafikepo. Anatsika pang'onopang'ono, mkamwini kutsogolo, mwana pambuyo atagwira lamba wa buluku la bambo ake ngati akuyendetsa kamwana. Anthu okwera ankawapatukira n'kumati, "Pepani agogo." Mawu amenewo anawapweteka kuposa mawondo. Atafika pa matenti, mwanayo anawayeza kuthamanga kwa magazi, n'kuyamba kuzula zikhomo za tenti.

Mwezi wotsatira anasamuka. Anawapatsa chipinda choyandikana ndi khitchini, mmene kale munkakhala makatoni. A Mapolo anakhoma msomali kuseri kwa chitseko n'kupachikapo lamba wawo wokwerera uja. Kubafa anawaletsa kukhoma loko, ndipo akachedwako pang'ono mwanayo amagogoda.

Munthu akawafunsa ngati akukhala bwino, sabisa. "Ayi, sindikukhala bwino. Ndimafuna nyumba yanga. Koma ndinalonjeza kuti ndidzanena, ndipo ndinanena mochedwa."